Kamera Yokanda Magalasi

Pakauntala ya sitolo ya katundu wakale panali makamera atatu akale, ndipo aphunzitsi ankayesa lenzi pa iliyonse, kuipotokola pang'onopang'ono ngati akutseka botolo la mankhwala. Mkazi wawo, telala, anaima pambali atapinda manja. Mtima unali ukumuwawa chichokereni kunyumba.

Malenziwo anali ake. Malemu bambo ake anali wojambula zithunzi, ndipo kamera yawo itagwera m'madzi panatsala malenzi atatu okha, a mazinga ngati bauti, osalowa pa makamera a masiku ano. Zaka zonsezi telala anawasunga m'kabati ya makina osokera, pafupi ndi magalasi ake a maso amene ankavala polowetsa ulusi m'singano basi, poti ankati amamukalambitsa.

Ndiye kusukulu kunabwera mphunzitsi watsopano, mayi wa magalasi aakulu, wokonda makamera a filimu. Telala anam'patsa dzina loti Namagalasi. Chibwerereni mayiyo, kunyumba amuna ake analibenso nkhani ina. Madamu akuti filimu siinafe, madamu akuti malenzi akale ndi chuma. Kenaka amuna akewo, munthu amene ngakhale pafoni amajambula anthu opanda mitu, n'kupempha malenzi aja kuti akawapezere kamera. Galu wamkota sakandira pachabe. Telala anangoti, "Tipitira limodzi."

Mwini sitolo, nkhalamba ya zala zakuda ndi mafuta, anakankhira kamera yoyamba pambali.

"Iyi mazinga ake ndi aang'ono. Mukakakamiza mupha lenzi."

Panatsala awiri, yakuda yopepuka ndi yasiliva yolemera. Pa onsewo lenzi inkalowa bwinobwino mpaka kumapeto.

"Nanga kwa munthu wovala magalasi, yabwino ndi iti?" anafunsa aphunzitsi. "Wa manja aang'ono."

Telala anawaponyera diso. Amuna ake maso ngakuthwa, magalasi sanavalepo chibadwire, ndipo manja awo ndi mafosholo enieni. Ha, mpaka manja a mkaziyo anali atawayeza kale! Malenzi amene bambo ake ankapukuta ndi mpango m'mawa uliwonse akalendewere pachifuwa cha Namagalasi, mwini wake ali moyo? Nsanje inamugwira.

"Yakudayi," anatero mwini sitolo. "Posuzumira pake pali mphira wofewa. Yasilivayi njolimba, inde, koma posuzumira pali kachitsulo kokanda magalasi, mwezi sutha. Chokokera filimu nachonso n'chouma, chala chimachita matuza. Muganize bwino, bambo, katundu wakaleyu akatuluka pakhomopo sabwereranso."

Aphunzitsi anatambasula dzanja kulozera yakuda ija, kenaka anatembenuka.

"Amayi, malenzi ndi anu. Sankhani ndinu."

Mwayi sudziwika pobwera. Kukana sakanatha pamaso pa mlendo, koma kusankha akanatha. Telala ananyamula yasiliva ija, naimva kulemera kwake, napitiriza chala pa kachitsulo kaja. Kanali kakuthwa ndithu. M'maganizo mwake anaona magalasi aakulu aja atakandikakandika ngati pamene yafukula nkhuku, mwini wake akuyenda mopapasa pakhonde la sukulu. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, anamwetulira.

"Iyi. Ikufanana ndi ya malemu."

Linali bodza. Ya malemu inali yakuda.

"Mwatsimikiza, amayi? Mwamva zimene anena bambowa?"

"Ndili ndi makutu, abambo. Ndati iyi."

Aphunzitsi anapumira m'mwamba, nalipira. Mwini sitolo anabweza yakuda ija m'kabati n'kukhoma. Aphunzitsi anapotokolera lenzi yaikulu pa yasilivayo, namangirira lamba mbali zonse ziwiri, namuyeza kutalika, kenaka anaikoleka kamerayo m'khosi mwa mkazi wawo.

"Madamu aja ndiwo anandiuza kuti malenzi a apongozi angagwirenso ntchito, mwana wawo n'kumajambulira," anatero. "Ine ndimafuna yakuda ija poopa magalasi anu osokera, chifukwa popanda iwo simuona kanthu posuzumirapo. Koma poti mwaikonda nokha, ndi yanu."

Lamba uja anamukoka khosi telala. Kamerayo inalidi yolemera.