Mphindi Makumi Anayi

Atangolowa m'chipinda cha mafailo cha pachipatala, mayi wina wautelala anaponya maso pa wotchi imene inali pamwamba penipeni pa khoma. Kunatsala mphindi makumi anayi kuti faifi koloko ikwane. Mtima unakhalako pansi. Pabenchi ya panja anakhalapo kuyambira masana, ndipo foni yake inali itazima kalekale. Batire analimaliza yekha powerenga zimene nyenyezi zanena za tsikulo.

Anzake kushopu ankamutchula kuti Nyenyezi, ndipo sankamunamizira. Munthu uyu sankadula nsalu ya kasitomala asanaone ngati tsikulo ndi loyenera kugwira sizasi.

"Tsiku ndi chaka," anatero mkulu wa mafailo osadzutsa mutu. Magalasi ake anali omanga ndi ulusi mbali imodzi.

Nyenyezi anatchula. Mkuluyo ananyamuka ngati munthu amene mawondo anamukana kalekale, nalowa pakati pa mashelefu.

Nkhani yonse inali ya bwenzi lake, kalipentala. Zaka zitatu ali pachibwenzi, mwamunayo sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Tebulo la makina ake osokera analikonza osapemphedwa. Koma atamufunsira banja, Nyenyezi anayamba wapempha khadi lobadwira la mwamunayo, limene amayi ake anasunga bwinobwino m'pulasitiki. Panalembedwa 4:20. Mayi wowerenga nyenyezi, amene ankalankhula naye pafoni, atamva ola limenelo anausa moyo. "Mwamuna wobadwa nthawi imeneyi sakhazikika, mwanawe. Adzakuthawa." Mawa lake Nyenyezi anabweza mphete.

Kalipentala sanakalipe. Patapita mwezi anapeza ntchito kutali, nabwera kudzaima pakhomo pa shopu. "Basi yanga inyamuka Lachisanu, faifi koloko. Ukafika kudepoti, nditsika. Ukapanda kubwera, ndamva."

Lero linali Lachisanu. Wowerenga nyenyezi uja anati chimene chingasinthe zinthu ndi chimodzi chokha: nthawi yeniyeni imene Nyenyezi anabadwa, ola ndi mphindi zake, osati zongoyerekeza. Amayi ake atafunsidwa anangomuseka. "Ine ndikufa ndi ululu, ndiziyang'ana wotchi? Pita kuchipatala, komwe anabadwira bwenzi lakolo, akakuuze."

Ndiye ndi uyu, akupondaponda pansi ngati wavala nsapato zothina. Anakhala pampando, naimirira. Anawerenga matailosi oyera a pakhoma, nasokoneza, nayambiranso. Kudenga kunali zitsulo zakale zokolekamo makatani, pakona sinki yaikulu yodzaza mabokosi. Anayang'ananso wotchi, ndipo anaona ngati singano zamatirira. Anadziwa kuti chothamanga ndi mtima wake.

"Bambo, chonde, ndili ndi changu."

"Onse obwera muno amakhala ndi changu, mayi," anayankha mkuluyo kuseri kwa shelefu. "Koma inu musadandaule, mwabwerera kwanu. Chipinda chino ndi chimene munabadwiramo. Azimayi ankachirira muno tisanaikemo mapepalawa."

Anatuluka ndi buku lolakwika, la chaka chotsatira. Anabwerera. Nyenyezi anadziluma mlomo kuti asatukwane munthu wamsinkhu wa bambo ake. Depoti inali pafupi, mphindi khumi wapansi, zisanu akathamanga. Anawerengetsera mobwerezabwereza, ndipo nthawi zonse zinkakwana. Mantha ake anali pa bukulo. Likanena zoipa, athamanga kapena akhala? Sankadziwa, ndipo kusadziwako kunkamupweteka kuposa kudikira.

Buku lenileni linafika, lalikulu, lonunkha fumbi. Mkuluyo anapukuta chikuto ndi mkono wa malaya, nanyowetsa chala, nayamba kutsegula tsamba limodzilimodzi. Atafika pa tsikulo anatenga katoni yoboola kawindo pakati, naphimba tsamba lonse kusiya mzere umodzi.

"Za anthu ena si zanu," anatero. "Wanu ndi uwu."

Nyenyezi anawerama. Dzina la amayi ake. Mwana wamkazi. Makilogalamu atatu. Ndipo kumapeto, ndi inki yabuluu yofwifwa: 4:20.

Anawerenganso. Ola lomwelo, mphindi yomweyo, ngakhale anasiyana zaka zinayi! Apa panalibenso chofunsa munthu wa pafoni. Ngati kalipentala ndi wothawa, ndiye kuti nayenso ndi wothawa, athawira limodzi. Munthu ungamusiye bwanji amene kumwamba kunakutsegulirani khomo pa mphindi imodzi? Anaseka, misozi ili m'maso, ndipo anachita manyazi kuti mwamuna wabwino chonchi anamuvutitsa mwezi wathunthu.

"Zikomo, bambo, zikomo kwambiri! Mwandipulumutsa." Anatola chikwama, akuganiza kale mawu oyamba amene akanene pawindo la basi.

"Mwachita mwayi ndithu," anatero mkuluyo, akuyang'ana wotchi ya pamkono pake. "Bwenzi nditatseka kale. Faifi inapita kalekale, ndinangokumverani chisoni."

Nyenyezi anaima pakhomo, nakweza maso kuyang'ana wotchi ya pakhoma ija. Kunatsalabe mphindi makumi anayi.

"Imeneyo? Inafa ndisanayambe ntchito kuno, ndipo makwerero safikapo," anatero mkuluyo, akuchotsa katoni ija kuti atseke buku. Kuyambira pamwamba mpaka pansi pa tsambalo, mwana aliyense anabadwa 4:20.