Dzina la Titus pa Wailesi

Olipa anali pa beseni akufinya matewera pamene Emelia, mnansi wake, analowa pageti wopanda ngakhale odi.

"Amake Mapalo, simunamvele nyuzi? Ba Titus bali pa wailesi! Ati bagulisa nsomba kuno boma linatseka mtsinje. Dzina bachula, na komboni yathu ya Nangongwe yomwe!"

Titus ndi mwamuna wa Olipa. Wailesiyo ndi yomwe Olipa amatsogolera atolankhani, kungoti panopa ali patchuthi cha uchembere. Wowerenga nkhaniyo anali Choolwe, mtsikana amene Olipa anamutola asakudziwa ngakhale kogwirira maikolofoni. Anamuphunzitsa kufunsa funso osasekerera, kuyang'ana khansala m'maso, kudula chiganizo chikatalika. Popita kukachira anamusiyira mpando wake, mabwana akuwiringula kuti ndi mwana.

"Kamwana kamene kenze kudya nshima pano!" Emelia anawomba m'manja. "Ku chechi muzayenda bwanji? Nanga bakabwela bapolisi?"

Chibadwire cha Mapalo, khanda lake, Olipa tulo sakutidziwa, ndipo mphamvu zolirira analibe. Anapukuta manja pachitenje, natulutsa foni. Emelia anasendera pafupi kuti pasamupite kanthu.

"Iwe Choolwe. Ndiye vamene n'nakuphunzisa ivi?"

Mtsikanayo anayankha mwachangu. "Pepani ba Olipa. Nenze kuyopa maningi. Ni bamuna banu aja."

"Usanipepese. Zaka zonse izi namanga dzina pa wailesi ija, iwe ufuna ulithile matope?"

Emelia anagwedeza mutu, maso ali gwa. Apa ndiye kamtsikanako kaona zakuda, ndipo iye akhala woyamba kukafotokoza kumsika.

"Nkhani n'nakupatsa ine sabata yatha," Olipa anapitiriza pa foni, "na filiji yamene abisamo n'nakuuza. Munthu uja n'namuchenjeza achose nsomba zake m'nyumba mwanga, ananiseka. Iwe wayikhalila masiku onse aya? Ba mawailesi ba ku Lusaka sembe batiyambila, ati mkonzi abisa mwamuna wake. Na mbali yake sunamufunse. Ali m'nyumba agona, bwela na rekoda manje manje."

Anabweza foni, naweramanso pa beseni. Madzi anali atazizira, mulu wa matewera ukadali pomwepo.