Magazi pa Mswachi

Mswachi unatuluka m'kamwa mwa Stacy uli wofiira.

Jenifer anaponya ndowa pansi n'kumugwira chibwano mwana wakeyo. Magazi ankatuluka m'nkhama pang'onopang'ono, osaleka.

"Bambo a Stacy! Tabwerani kuno!"

A Clement anatuluka m'nyumba akumanga mabatani a shati. "Mwatani kodi? Thupi lija si lazizira? Wachira ameneyu."

Mawu a dokotala wa ku Limbe anamubwerera onse Jenifer. Si malungo, mwina ndi dengue, matenda a udzudzu wamizere yoyera woluma masana. Thupi likazizira musasangalale, ndipo mukaona magazi thamangani. Panado yekha, osati bufeni, chifukwa angataye magazi.

"Dzulo ndili kumsika munam'patsa chiyani?"

"Ankalira kuti mafupa akuphwanya. Ndinakagula bufeni pa okala."

"Bufeni?"

"Nanga munandiuza?"

Stacy anagwada pansi atagwira pamimba. "Amama, m'mimba mukupweteka."

"Itanani wakabaza! Fulumirani!" anakuwa Jenifer.

A Clement anathamangira kumsewu opanda nsapato. Jenifer anabereka Stacy ngati khanda, n'kumanga chitenje mofulumira.

Atatembenuka kuti atseke chitseko, anaona mwana wake wamng'ono, Melvin, ali m'tulo pamkeka. Pambali pake panali dilamu losavundikira lomwe ankasungiramo madzi mipope ya ku Bangwe ikauma.

Pamwendo pa Melvin panali patatera udzudzu wamizere yoyera, mimba yake itafiira kale.