Woponya Nyambo wa ku Kleinbaai

Shaki yoyamba itatulukira, anthu onse m'boti anathamangira mbali imodzi, ena akukuwa, ena atakweza mafoni m'mwamba. Mayi wa jekete lotuwa yekha ndiye sanasunthe. Maso ake anali pa Elrico.

Elrico anali woponya nyambo. Ankamanga mutu wa nsomba kuchingwe, kuuponya patsogolo pa khola lachitsulo lomwe alendo amalowamo, ndipo shaki ikati ikhadzule, iye ankakoka msanga kuti chilombocho chidutse pamphuno penipeni pa anthu. Sabata yapitayo chingwe chinamucheka m'chikhatho, ndiye dzanja lamanja linali mubandeji.

Elrico anali atamuona kale mayiyo padoko. Lachitatu anakwera boti lina, Lachinayi linanso, lero lawo. Ndi mlendo wanji wa patchuthi amene amakwera maboti atatu osalowa m'madzi ndi kamodzi komwe? Zovala zamphira anakana. Ankangoyang'ana nkhope za antchito mmodzimmodzi, kenako n'kulemba m'kabuku.

"Waboma ameneyo," anatero a Tertius, oyendetsa boti, akumugwira Elrico paphewa. "Nsapato zimenezo si zapatchuthi. Amene ali ndi kanthu m'thumba ataye, anyamata."

Ankangoseleula mkuluyo, sankadziwa kanthu. Koma Elrico anakhudza thumba la jekete lake.

Miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, asanapeze ntchitoyi, ankaba nkhono za perlemoen zomwe boma limaletsa. Iye ndi mnzake Wayden ankasambira kuchokera kumtunda mpaka kuchilumba cha Dyer, kudutsa pomwe boti linaima leroli. Tsiku lomaliza anapita awiri, Elrico anabwerako yekha. Anaona madzi akufiira pomwe panali Wayden, anasambira osacheukanso, ndipo sanauze munthu. Kukanena kupolisi kunali kudzimangitsa yekha, komanso ogula nkhonozo sakhululukira munthu wapakamwa. Wayden anali wobwera, kwawo kutali ku De Aar, ndiye m'tauni munalibe womufunafuna.

Osambira amasiya mafoni patchire asanalowe m'madzi. Elrico anatola onse awiri. Ya Wayden inali m'thumba lam'kati la jekete lake, yoyaka, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti apolisi amalondola munthu ndi foni. Akanaiponya m'nyanja kalekale, koma Lamlungu lililonse inkakhala ndi ntchito yake, ndipo mtima unkamukaniza.

"Kumanzere! Pansi, pansi!" anakuwa a Tertius.

Elrico anachedwa. Shaki inameza mutu wa nsomba, n'kugunda khola mwamphamvu mpaka boti lonse linagwedezeka. Alendo asanu anavuuka akutsokomola, wina akuseka, wina akulira kuti amutulutse.

"Iwe, ukugona? Tabwera kudzadyetsa ziweto zako kuno?"

Elrico atacheuka anapeza mayi uja akumuyang'anabe, ndendende padzanja la bandeji. Kenako analembanso m'kabuku.

Pobwerera, a Tertius anadzera kumphepete kwa chilumba monga amachitira masiku onse, kuti alendo aone zinyama zogona pamiyala. Fungo la pamenepo limagwetsa munthu, ndipo amene anali asanasanze anasanza. Kenako boti linatsata gombe, anthu akujambula mapanga ndi nyumba zoyera za pamwamba pa matanthwe, akumwa msuzi wotentha, milomo ikadali yakuda ndi kuzizira. Elrico sanaone chilichonse. Ankangoona galimoto ya polisi imene mwina inali itaima kale padoko, ndi ntchito yake yoyamba yapoyera ikuthera pomwepo. Anali ndi mantha, ndipo pansi pa manthawo panali kutopa.

Anapita kumbuyo kwa boti, pafupi ndi injini, pomwe panalibe munthu. Apa madzi ndi akuya, foni ikagwa yapita. Anamasula zipi ya jekete.

"Pepani, achimwene."

Mayi uja anali pambali pake, atagwira chitsulo ndi manja awiri. Chapafupi ankaoneka wamkulupo, ndipo nyanja inali itamuzunza.

"Mwakhalitsa pa mabotiwa?"

"Pang'ono, mayi."

"Ndiye anyamata oponya nyambo mumadziwana nonse."

"Ena ndi ena."

"Nanga wochokera ku De Aar? Wamtali, wopanda dzino lakutsogolo?"

Basi, kwatha, anaganiza Elrico. Chodabwitsa n'chakuti anamva kupepukidwa. Miyezi yonseyi ankasenza munthu wakufa yekha, ndiye bola amumange, anene zonse, agone tulo. Anatsegula pakamwa kuti ayambe.

Koma mayiyo anatsegula kabuku kaja. Munali mayina a maboti onse a padoko, atatu atawadula mzere.

"Kwatsala anayi, tchuthi changa chikutha Lolemba," anatero, akupisa dzanja m'chikwama. "Ndimafuna ndingotulukira, ndimudzidzimutse, koma nyanja yanuyi yandikwana. Ndi mwana wanga. Mawu sitimvana, akuti foni yake inalowa madzi, koma Lamlungu lililonse amandilembera. Sabata yatha nayenso akuti chingwe chinamucheka dzanja, ngati inuyo. Dikirani ndingoyesa, mwina lero ayankha."

Anadina nambala, n'kuika foni kukhutu, akumwetulira. Pachifuwa pa Elrico, m'kati mwa jekete lomasula zipi lija, foni inayamba kulira.