Mlandu wa Thumba la Ufa ku Kanyama

"Kawalala! Mugwileni!"

A Nason Sakala anazindikira mochedwa kuti thumba la ufa lomwe ananyamula pakhomo pa shopu silinali lawo. Anthu amene anatopa pamzere kuyambira m'mawa anawazinga, ena atatola kale miyala.

Ali msilikali anapirira mabomba a ku Burma, kenaka anaweruza milandu kukhoti lalikulu zaka makumi awiri. Koma tsikuli anangoima pakati pa anthuwo mubuluku lawo lazigamba.

"Nimveleni, bana banga!" anachonderera, koma mawu anamira m'phokoso.

Mwamuna wachipsera pamphumi anakankha anthu n'kugwira a Sakala pamkono. Atamuyang'ana, anamuzindikira. Anali Chalwe, yemwe iwo anamulamula kukakhala kundende zaka khumi chifukwa chothyola nyumba. Mkuluyo anatsinzina, kudikira chibakera.

"Ikani myala pansi!" anakuwa Chalwe. "Aba ni ba Jaji. Ine nenze kawalala weniweni, koma bananimvela masiku yatatu bakalibe kunimanga."

Anthu anayang'anizana. Chalwe anakoka kireti yopanda mabotolo, n'kukhalapo, n'kupinda manja.

"Kambani, ba Jaji. Khoti yayamba."