Fainesi Pamzere wa Odwala Shuga

Fainesi anakhala pabenchi la odwala shuga pachipatala cha ku boma, chonsecho iye sadwala shuga. Duku lakuda kumutu, m'manja kathumba ka majekeseni otsala. Anachoka ku Mlolo wapansi, m'mimba mulibe kanthu. Sanabwerere mankhwala ayi. Anabwera kudzatukwana.

Adokotala a Langton amabwera kuchokera ku Chipata mwezi ndi mwezi. Anthu amawatamanda, eti akalambira pa ntchito yochiza shuga, eti kafukufuku wawo akumveka mpaka ku Lusaka. Kafukufuku! Kuyamwa magazi a amphawi ngati nkhupakupa, ndiye kafukufukuyo?

Amuna ake, a Zebron, analowa m'kafukufuku ameneyu chaka chatha. Tsiku la adokotala likafika ankasamba, kuvala jekete, n'kupalasa njinga kupita ku boma okha. "Iwe tsala, mbuzi zingalowe m'munda," ankatero. Lamulo limene anabweretsa kunyumba linali limodzi: shuga ayi. Fainesi anamvera. Shuga anabisa, mzimbe analetsa pakhomo, ngakhale ana anazolowera tiyi wowawa.

Ndiye linafika tsiku lokumba mtedza lija. A Zebron anadzibaya jekeseni m'mawa n'kupita kumunda osadya. Dzuwa lili paliwombo anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, lilime lolemera ngati aledzera. "Shuga... ndipatseko shuga." Fainesi anakana. Awaphe ndi manja ake? Anawamwetsa madzi, kuwagoneka pamthunzi, n'kuthamangira ngolo. Ngolo isanafike kumsewu, munthu anali atapita.

Nesi atangoitana wotsatira, Fainesi analowa n'kukhuthulira majekeseni onse patebulo.

"Tengani zinthu zanu! Munandiphera munthu ndi zoyesayesa zanuzi. A Zebron a ku Mlolo. Kapena mwawaiwala kale, poti magazi munatenga?"

Adokotala anavula magalasi. "A Zebron anatisiya? Pepani kwambiri, mayi. Zinakhala bwanji?"

Anawafotokozera zonse, mokuwa, kuti a pabenchi amve. Kunjenjemera kuja, thukuta lija, kulirira shuga ngati mwana.

"Ndiye munawapatsa?"

"Ndiwapatse poizoni? Si inu nomwe munaletsa?"

Adokotala anagwira mutu. Fainesi anati mumtima, eya, zawalowa.

"Mayi, pamenepo shuga anali atatsika m'thupi. Supuni ziwiri zokha zikanawadzutsa. N'chifukwa chake sitilandira munthu m'kafukufuku popanda wakunyumba woti timuphunzitse zimenezi. Akazi awo tinawaphunzitsa bwinobwino, a Memory a kumsika kuno. Sanajombepo, mwezi uliwonse ankabwera limodzi."

Anamuyang'ana Fainesi mwachifundo.

"Nanga inu, mayi, ndinu alongo awo?"