Kiyi Pakhosi, Mabuku M'kabati

Panali mnyamata wina wa kukoleji ya uphunzitsi, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti anaziona ndi maso ake. Anamutumiza kusukulu ina ya pulayimale kukayeserera ntchito, n'kumupatsa kalasi yachiwiri kuti aziphunzitsa kuwerenga. Kumapeto kwa teremu kunayenera kubwera lekichala kudzamuona akuphunzitsa. Akalephera pamenepo, ndiye kuti abwereza chaka chonse.

Mwayi wake, sukuluyo inali itangolandira mabuku atsopano owerenga. Eni kalasiyo, amene aliyense ankangowatchula kuti Madamu, anamupatsa kiyi wa kabati n'kumuuza kuti azigawira ana mabukuwo tsiku lililonse.

"Awagwire, awapinde, awadetse," anatero Madamu. "Likang'ambika timata. Mwana sangaphunzire kuwerenga buku lili m'kabati."

"Ndamva, Madamu."

Kumvako kunathera pageti. Pobwerera kunyumba anakhala moyandikana ndi bambo wina m'basi, wosamudziwa n'komwe, amene anati anaphunzitsapo zaka zambiri. Bamboyo anamuuza kuti ana ndi owononga kuposa mbuzi, ndipo akuluakulu akabwera amayamba ayang'ana ngati mabuku ali osamalika. Mnyamatayo sanafunse dzina la bamboyo, kapena chimene anasiyira ntchito. Anangomeza zonse.

Sabata yomweyo Madamu anapita kutchuthi cha uchembere, kalasi n'kutsala m'manja mwa mnyamatayo. Iye anakhoma kabati, kiyi n'kumanga pachingwe, n'kumavala pakhosi ngati mendulo. Aphunzitsi anzake anamupatsa dzina loti Akiyi. Iye ankaganiza kuti akumuyamikira, tangoganizani!

Tsiku lililonse ankalemba pabolodi ma, me, mi, mo, mu, ana n'kumayimba mpaka mawu kusasa. Kamtsikana kena kanafunsa kuti mabuku aja adzawaona liti. Akiyi anauza kalasi yonse kuti itambasule manja, n'kumayenda mzere ndi mzere akupukusa mutu. Anati manja otuwa chonchi sangayandikire buku la sukulu, ndipo amene adzaligwire adzasesa bwalo yekha. Ana anamva, ndipotu ana akamva amamveratu.

Mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anayesa kumulangiza kuti atsegule kabatiyo. Akiyi anamuyankha mwaulemu kuti akudziwa chimene akuchita. Pamenepo ndi pamene amandikwiyitsa mnyamatayu, chifukwa anthu awiri omufunira zabwino anamuuza chimodzimodzi, iye n'kukakamira za munthu wa m'basi.

Tsiku lija linakwana. Lekichala anali mayi wosalankhula zambiri, ndipo anakhala kumbuyo kwenikweni. Akiyi anavula kiyi pakhosi monyadira, n'kutsegula kabati. Mabuku anatuluka akuwala, akununkhira utsopano. Anaika limodzilimodzi patsogolo pa mwana aliyense, mtima uli m'malo.

"Tsegulani tsamba lachisanu."

Palibe anasuntha. Ana onse anali atabisa manja kumbuyo. Akiyi anabwereza mokweza. Kamnyamata kena kanalimba mtima n'kulitsegula ndi nsonga za zala, koma chozondoka. Wina anayambira kumapeto. Wina analinunkhiza kaye, n'kuyamba kulimbana ndi masamba omatana. Ana omwewo amene ankayimba maphatikizo pabolodi ngati kwaya sankadziwa kuti m'buku mawu amayambira pati.

Lekichala anadzuka, n'kukagwada pafupi ndi kamtsikana kaja, kamene kanali kasanagwirebe buku lake. Anakafunsa motsitsa mawu chifukwa chake.

"Sa anati manja athu ndi akuda," kanatero. Kenako kanatembenukira kwa Akiyi. "Sa, langa sindinalidetse. Mukhoza kulibwezera."

Akiyi analakalaka nthaka itang'ambika. Anayamba kufotokoza kuti ankafuna kuti mabuku akhale osamalika, koma lekichala anamudula pakamwa.

"Osamalikadi, achimwene. Sindinaonepo mabuku oyera chonchi teremu ikutha. Kungoti ife tinakutumani kwa ana, osati kwa kabati."

Akiyi anabwereza chaka, anzake akulandira satifiketi. Madamu atabwerako anapeza ana oopa buku ngati moto, ndipo anayambira powaphunzitsa kutsegula tsamba. Bambo wa m'basi uja mpaka lero sadziwa n'komwe kuti anawonongera munthu chaka.

Phunziro: Buku loyera silinaphunzitsepo mwana kuwerenga, musiyeni aligwire. Ndipo akakulangizani amene ali nanu pantchito, musasinthanitse malangizo awo ndi nkhani za munthu amene mutsika naye basi n'kusiyana. Tumizani uthengawu kwa aphunzitsi ndi makolo onse amene mukuwadziwa, makamaka amene akuyenda ndi kiyi pakhosi.